Chilumba cha Cousin ndi Mbalame za Dzira Limodzi

PHUNZIRO 1: CHILUMBACHI CHILI KUTI?

Dziko lathu la Moçambique lili m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya mchere. Dzina lake ndi nyanja ya India. Ife a ku Tete ndi ku Niassa tili kutali nayo, ndipo ambiri a ife sitinaione. Koma madzi a mtsinje wa Zambezi amakathera m'nyanja imeneyo.

Pakati pa nyanjayo pali dziko lotchedwa Seychelles. Ndi dziko la zilumba 115. Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Likulu lake ndi Victoria, pa chilumba cha Mahé. Dzikoli linalandira ufulu wake mu 1976, patapita chaka chimodzi ife titalandira wathu.

Kale pa zilumbazi panalibe anthu. Afalansa anayamba kukhalapo mu 1770, ndipo anabweretsa akapolo kuti aziwalimira. Ambiri mwa akapolowo anatengedwa ku Madagascar ndi kuno ku Moçambique. Motero ena mwa anthu a ku Seychelles ndi abale athu.

Chimodzi mwa zilumbazo dzina lake ndi Cousin. Eni ake amatchula kuti Kuzen. Ndi kachilumba kakang'ono, ka mahekitala pafupifupi 30. Kuchokera mbali ina kufika mbali ina sipakwana kilomita imodzi. Kali ndi kaphiri kamodzi kotalika mamita 69. Chilumba chachikulu cha Praslin chili pa mtunda wa makilomita 2.

Pa malo ochepa chonchi, chaka ndi chaka pamaswana mbalame za m'nyanja zopitirira 300,000. Mbalamezi n'zochuluka kuposa anthu onse a m'dziko la Seychelles.

Nanga n'chifukwa chiyani mbalame zambiri chotere zimapanikizana pa kachilumba kamodzi, nyanja ili yaikulu? Ndani amazisunga? Ife alimi ndi asodzi tiphunzirapo chiyani? Tiyeni tiwerenge.

PHUNZIRO 2: DZIRA SAIKIRA PA MADZI

Mbalame ya m'nyanja imapeza zonse m'nyanja. Imadya tinsomba ndi tizamoyo tina ta m'madzi. Imamwa madzi a mchere osadwala. Pamwamba pa maso ake pali tiziwalo tosefa mchere m'magazi, ndipo mcherewo umadontha kudzera m'mphuno. Mbalame zina zimatha miyezi yambiri osaponda nthaka.

Chinthu chimodzi chokha nyanja singapereke: malo oikirapo dzira. Dzira saikira pa madzi. Nyengo yoswana ikafika, mbalame iliyonse iyenera kupeza mtunda.

Mtunda umene imasankha ndi chilumba. Pa chilumba chakutali sipanali vumbwe, sipanali nyenga, sipanali mphaka kapena khoswe. Nyama zimenezi sizitha kuwoloka nyanja zokha. Kwa zaka zikwi zambiri mbalamezi zinaswana popanda mdani wa miyendo inayi. N'chifukwa chake siziopa. Zina zimaikira pansi penipeni. Munthu akayandikira zimangomuyang'ana, osathawa.

Tsopano tione chinthu chachikulu pa phunziro lathu. Nkhuku yathu imakhalira mazira 10 kapena 12. Nkhanga nayo imaikira mazira ambiri. Koma mitundu yonse ya mbalame za m'nyanja za pa Cousin imaikira dzira limodzi lokha pa nthawi. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kulikhalira. Imodzi ikakhala pa dzira, ina ili kunyanja kusaka chakudya. Mwana akaswa, zonse ziwiri zimamudyetsa. Chakudya chili kutali, ndipo mphamvu zawo zimangokwanira mwana mmodzi.

Mwanayo akakula sayamba kuswana msanga. Pamapita zaka zingapo. Koma akapulumuka amakhala ndi moyo wautali, zaka 20 ngakhale kupitirira.

Apa pali msampha umene umanyenga anthu. Tiyerekeze mudzi umene ana asiya kubadwa. Chaka choyamba mudzi umaoneka wodzaza. Patapita zaka 10 akulu akadalipo, ndipo mlendo saona vuto. Koma akuluwo akayamba kufa, mudzi umasanduka bwinja. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mbalamezi. Anthu angatole mazira chaka ndi chaka, n'kumanena kuti mbalame sizikutha. Pamene azindikira, nthawi yapita kale.

PHUNZIRO 3: ALIYENSE NDI MALO AKE

Pa Cousin pamaswana mitundu 7 ya mbalame za m'nyanja. M'chinenero chathu mulibe maina ake, pakuti kwathu kuno sizifika. Tigwiritsa ntchito maina a m'chinenero cha anthu a ku Seychelles, chotchedwa Kreol.

Yoyamba ndi golan. Ndi yoyera mbee thupi lonse, ya maso akuda. Golan simanga chisa. Imaikira dzira lake pa nthambi yopanda kanthu, pa mphanda kapena pa kadzenje ka khungwa. Imalikhalira kwa masabata 5. Mwana amabadwa ndi zikhadabo zolimba zogwirira nthambi, kuti mphepo isamugwetse. Kholo limabwera ndi tinsomba tingapo titandandalika pa mlomo.

Yachiwiri ndi kordonnyen. Ndi yakuda, ya mutu wotuwa. Iyi ndiyo yochuluka koposa zonse. Imamanga chisa m'mitengo ndi masamba ofota, n'kuwamata ndi zitosi zake. Mtengo umodzi umakhala ndi zisa zambirimbiri. Imaswana kuyambira mu Meyi mpaka mu Seputembala, pamene mphepo ikuomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepo imeneyi timaidziwa. Ndi mwera umene umavutitsa asodzi pa nyanja ya Niassa m'miyezi yomweyo.

Yachitatu ndi makwa. Imafanana ndi kordonnyen, koma ndi yokulirapo. Imaikira pa miyala ndi pa nsonga za mitengo ya kokonati.

Yachinayi ndi payanke. Ndi yoyera, ya mizere yakuda pa mapiko. Kumchira ili ndi nthenga ziwiri zazitali ngati udzu. Miyendo yake ndi yaifupi, ndipo pamtunda imayenda mokwawa. Imaikira pansi, patsinde pa mtengo kapena pansi pa mwala. Mwana wake amakhala pamenepo miyezi yopitirira iwiri asanauluke.

Yachisanu ndi fouke. Iyi imakumba una ngati mbewa, kapena imalowa m'mapanga a miyala. Masana ili kunyanja. Imabwera kumtunda usiku, ndipo kulira kwake kumamveka ngati kwa khanda. Mwana wake amakhala mu una miyezi yopitirira itatu.

Ziwiri zotsala ndi riga ndi fansen. Riga ndi m'bale wa fouke, koma wocheperapo. Fansen imaikira m'miyala ya pa kaphiri.

Taonani mmene zagawanirana malo. Ina pa nthambi, ina m'chisa, ina pa mwala, ina patsinde, ina pansi pa nthaka. Zili ngati mlimi wanzeru amene m'munda umodzi amabzala chimanga, nyemba ndi maungu, chilichonse pa msinkhu wake. Umu ndi mmene kachilumba kakang'ono kamasungira mbalame zochuluka.

PHUNZIRO 4: MMENE CHILUMBA CHINAONONGEKERA

Cousin sichinali chonchi nthawi zonse. M'nthawi ya atsamunda, chuma cha Seychelles chinali kokonati. Ankaumitsa mnofu wake n'kuutumiza kunja kukayenga mafuta. Eni minda anadula nkhalango pa zilumba zambiri, n'kubzala kokonati m'mizere, monga tionera m'minda yaikulu ya ku Zambézia. Pa Cousin anachitanso zomwezo. Antchito ankalambula pansi nthawi zonse, kuti mtengo wina usamere. Pa zilumba zambiri anthu ankatolanso mazira ndi kugwira ana a fouke, ena kudya, ena kugulitsa.

Nkhalango itatha, mbalame zomanga zisa m'mitengo zinasowa pokhala.

Pa chilumbachi panalinso kambalame kena ka pamtunda. Dzina lake ndi timerl dezil. N'kakang'ono ngati timba, kobiriwira motuwa, ndipo kamaimba bwino. Kamadya tizilombo tokhala kunsi kwa masamba. Nakonso kawirikawiri kamaikira dzira limodzi. Kale kankapezeka pa zilumba zingapo, koma kudula mitengo, amphaka ndi makoswe zinakatha konseko. Kanatsala pa Cousin pokha.

Mu 1959 akatswiri a mbalame anapita kukawerenga. Anapeza timbalame tosafika 30. Tinali titabisala m'kadambo ka mitengo yomera m'matope a mchere, kumene kokonati sakanamera. Pa dziko lonse lapansi panalibenso tina.

Tiyeni tiganize. Mbalame zosafika 30 n'zochepa kuposa nkhuku za mabanja atatu a m'mudzi mwathu. Moto umodzi, matenda amodzi, kapena mphaka mmodzi akanatha mtundu wonse. Ndipo mtundu wa chamoyo ukatha, palibe boma kapena katswiri amene angaubweze. Madzi akatayika saoleka.

PHUNZIRO 5: MMENE CHILUMBA CHINACHIRIRA

Nkhani ya timerl dezil inamveka m'maiko ambiri. Anthu okonda mbalame anasonkha ndalama. Mu 1968 bungwe losamala mbalame la maiko ambiri linagula chilumba chonse. Lero bungwelo limatchedwa BirdLife International. Chilumba chinakhala malo otetezedwa. M'zaka za m'ma 1970 boma linalimbitsa lamulo, n'kuteteza ndi nyanja yomwe yozungulira chilumba, mamita 400 kuchokera pa gombe. M'madzi amenewo saloleza kusodza. Kuyambira mu 1998 chilumbachi chikuyendetsedwa ndi bungwe la eni dziko lotchedwa Nature Seychelles. Alonda amagona pa chilumba pomwepo.

Kodi anachita chiyani kuti chilumba chichire? Ntchito yake sinafune makina. Anasiya kulambula pansi. Anachotsa kokonati wongomera kumene, ndi kuchepetsa mitengo yake pang'onopang'ono. Analetsa kutola mazira ndi kupha mbalame. Zotsalazo nthaka inachita yokha. Mitengo yachilengedwe inaphuka, ndipo patapita zaka nkhalango inabwerera.

Timba sachepa ndi mazira ake. Pofika mu 1982 timerl dezil tinakwana pafupifupi 320, ndipo chilumba chinadzaza. Akatswiri anaona chinthu chodabwitsa. Malo atasowa, ana aakazi ankatsala pakhomo n'kumathandiza makolo kulera ang'ono awo. Ngakhale agogo aakazi ena ankathandiza kudyetsa zidzukulu.

Koma kusunga mtundu wonse pa chilumba chimodzi kuli ngati kusunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi. Tsono anayamba kusamutsa timbalame tina. Anatipititsa ku chilumba cha Aride mu 1988, ku Cousine mu 1990, ku Denis mu 2004, ndi ku Frégate mu 2011. Lero tilipo pafupifupi 3,000 pa zilumba 5. Mu 2015 kambalameka kanachotsedwa pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi ya kutha.

Anthu anagula chilumba chifukwa cha kambalame kamodzi, koma zopindula zinali zambiri. Mitengo itabwerera, kordonnyen ndi golan zinapeza nthambi. Akamba a m'nyanja nawo anapeza gombe labata loikirapo mazira. Kuchokera m'zaka za m'ma 1970 kufika mu 2008, chiwerengero cha akamba oikira pa Cousin chinawirikiza ka 8.

PHUNZIRO 6: MDANI WAMKULU NDI KHOSWE

Cousin chinali ndi mwayi umodzi waukulu. Ngakhale m'nthawi ya kokonati, makoswe sanakhazikikepo. Popanda mwayi umenewu nkhani yathu ikanatha moipa.

Khoswe timamudziwa. Amatidyera chimanga m'nkhokwe, amaba mazira a nkhuku, amaluma anapiye. Amakwera mtengo, amalowa mu una, ndipo amayenda usiku. Khoswe wamkazi amatenga bere kwa masabata atatu okha. Amabereka ana angapo nthawi imodzi, kangapo pa chaka, ndipo anawo amayamba kubereka ali ndi miyezi itatu. Tiyerekeze ndi mbalame ya dzira limodzi. Mpikisano wake ndi wosalingana.

Khoswe amafika pa chilumba ndi anthu. Amabisala m'ngalawa, m'matumba a chakudya ndi m'katundu womangira nyumba. Khoswe wamkazi mmodzi wa bere ndi wokwanira kuononga chilumba.

N'chifukwa chake pa Cousin pali lamulo lolimba. Palibe doko. Boti la alendo siligunda pa gombe. Limaima pa madzi, ndipo alonda amapita ndi boti lawo kukatenga alendowo. Katundu wolowa pa chilumba amamuyang'anitsitsa. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku, ndipo ilibe tsiku lomaliza.

Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pa chilumba cha Frégate makoswe analowa mu 1995. Kuti awathe anathira mankhwala pa chilumba chonse. Asanathire anayamba agwira mbalame zosowa n'kuzisunga m'makola, kuti nazo zingadye mankhwalawo. Ntchitoyo inatheka mu 2000, ndipo inadya ndalama zambiri. Pa Denis makoswe anawatha mu 2002. Timerl dezil anatipititsa ku zilumba ziwirizi makoswe atatha. Kutseka khomo n'kotchipa kuposa kutulutsa khoswe amene walowa kale.

PHUNZIRO 7: ZITOSI NDI CHUMA

Wina angafunse kuti: nanga mbalame zimene sitidya zili ndi phindu lanji? Mlimi aliyense amene anathirapo zitosi za nkhuku kapena za nkhunda m'dimba ali nalo kale yankho.

Mbalame zimadya kunyanja, kutali ndi chilumba. Zikabwera kumtunda zimasiya zitosi. Motero tsiku lililonse zimatuta chonde cha m'nyanja n'kuchithira pa nthaka. Mitengo imakula. Tizilombo timachuluka, ndipo timerl dezil timakhuta. Abuluzi amadya tinsomba togwa m'zisa ndi mazira osweka. Pa Cousin pali abuluzi ambiri zedi, moti ndi malo ochepa pa dziko lapansi amene amafanana napo.

Mvula ikagwa, manyowa ena amatsikira m'nyanja. M'madzi osaya ozungulira chilumba muli miyala yamoyo yotchedwa korali. Miyalayi imamangidwa ndi tizamoyo tating'ono, ndipo ndiyo mudzi wa nsomba. Manyowa a mbalame amadyetsa ndere za pamenepo, ndere zimadyetsa nsomba.

Akatswiri anayesa zimenezi pa zilumba za Chagos, m'nyanja yomweyo ya India, ndipo analengeza zimene anapeza mu 2018. Anayerekeza zilumba 12. Pa zilumba 6 panali makoswe, pa 6 panalibe. Pa zilumba zopanda makoswe mbalame zinali zochuluka kuwirikiza ka 760. Manyowa ogwa pa nthaka anali ochuluka kuwirikiza ka 251. M'madzi ozungulira zilumba zimenezo nsomba zina zinkakula msanga, ndipo kulemera kwa nsomba zonse kunaposa kwa zilumba za makoswe pafupifupi ndi theka. Khoswe wa pamtunda amachepetsa nsomba za m'madzi.

Chuma chimenechi anthu ena anachikolola mwadyera. Chilumba cha Assumption, ku Seychelles komweko, chinali ndi zitosi zounjikana za zaka zambirimbiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anayamba kuzikumba n'kumazigulitsa kunja ngati feteleza. Pokumba anadula mitengo ndi kupala nthaka. Mbalame zambiri zinasiya kuswanapo. Zitosi zitatha, zozibweretsanso panalibe.

Mbalame zimathandizanso asodzi m'njira ina. Nsomba zikuluzikulu zotchedwa atum zimathamangitsa tinsomba kuchokera pansi. Tinsombato timathawira pamwamba pa madzi, ndipo mbalame zimatiwakha. Msodzi akaona mbalame zitaunjikana pa malo amodzi amadziwa kuti pansi pake pali atum. Mbalame ndi maso a msodzi.

PHUNZIRO 8: MAVUTO SANATHE

Tisaganize kuti pa Cousin zonse zili bwino. Mavuto alipo, ndipo ena alonda sangawathe okha.

Vuto loyamba lili pa chilumba pomwepo. Mtengo umene unachuluka nkhalango itabwerera dzina lake ndi bwa mapou. Kordonnyen imaukonda pomanga zisa. Koma njere zake zili ndi utomoni womata ngati ulimbo. Zimamatirira ku nthenga, ndipo umu ndi mmene mtengowu umafalira ku zilumba zina. Njere zikachuluka, mbalame imalephera kuuluka, imagwa pansi n'kufa ndi njala. Alonda amatola mbalame zoterezi n'kuzichotsa njere ndi manja, imodziimodzi. Zina amazipulumutsa, zina ayi.

Vuto lachiwiri lili kunyanja. Lamulo la chilumba limathera pa mamita 400, koma mbalame zimakadya kutali kwambiri. Zombo zikuluzikulu za maiko ambiri zimagwira atum m'nyanja ya India. Atum akachepa, palibe wothamangitsira tinsomba pamwamba, ndipo kholo limabwerera ku chisa ndi mlomo wopanda kanthu.

Vuto lachitatu ndi kutentha kwa madzi. Nyengo ya dziko lapansi ikusintha. Mu 1998 ndi mu 2016 madzi a ku Seychelles anatentha kwambiri, ndipo korali wambiri anayera n'kufa. Kuyambira mu 2010 a Nature Seychelles akhala akulera korali m'madzi ngati mbande za ku nazale, n'kumamuwokera pa malo amene anafa.

Vuto lachinayi ndi ndalama. Alendo odzaona mbalame amalipira polowa, ndipo ndalama zimenezo ndizo zimayendetsa ntchito ya pa chilumba. Mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, alendo anasiya kubwera, ndipo ndalama zinasowa. Koma mazira anafunikabe mlonda.

PHUNZIRO 9: NANGA KWATHU KUNO?

Pakati pa dziko lathu ndi Madagascar pali chigawo cha nyanja chotchedwa Canal de Moçambique. Kafukufuku wa mu 2005 anasonyeza kuti m'chigawochi mumaswana mabanja a mbalame za m'nyanja pafupifupi 3 miliyoni. Pafupifupi zonsezo ndi za mtundu umodzi, umene ku Seychelles amautcha golet. Ndi yakuda kumsana, yoyera kumimba, ndipo imaikira dzira limodzi pa mchenga. Zambiri zimaswana pa zilumba za Juan de Nova ndi Europa, zimene zimalamulidwa ndi France.

Ifenso tili ndi tizilumba tathu. M'mphepete mwa zigawo za Nampula ndi Zambézia muli Ilhas Primeiras e Segundas. Pa kachilumba ka Puga-Puga, kufupi ndi Angoche, golet imaswana. Akamba a m'nyanja amaikira pa magombe a tizilumbati. Mu 2012 boma linalengeza kuti dera lonseli, mahekitala opitirira 1 miliyoni, ndi lotetezedwa. Chaka cha 2011 mbali yathu ya nyanja ya Niassa nayo inalowa m'gulu la malo otetezedwa.

Lamulo lolembedwa pa pepala silikhalira dzira. Anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi osauka ngati ife, ndipo dzira ndi ndiwo. Funso lake ndi lovuta: titenge zingati, tisiye zingati? Ku Seychelles mazira a golet ndi chakudya chokondedwa kuyambira kale. Kwa zaka zambiri boma linkaika nyengo yotolera ndi malo osatola. Komabe kawerengedwe kanasonyeza kuti mbalame zachepa kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 2020 boma linaimitsa kutola kwa nyengo zingapo. Anthu anasowa ndiwo imene anaizolowera, chifukwa m'mbuyomo anatenga zopitirira muyeso.

Ife alimi nzeru imeneyi tili nayo kale. Ngakhale njala ivute, mbewu sitidya. Timaimangirira pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asaigwire, n'kudikira mvula. Dzira la mbalame ndi mbewu. Nsomba ya mazira ndi mbewu. Mtengo umene mbalame zimamangapo zisa ndi nkhokwe yake.

Tiyang'ane m'mudzi mwathu. Ana akapeza chisa cha nkhanga, amatenga mazira onse kapena amasiyako? Tikatentha tchire mochedwa, zisa za nkhwali zimapulumuka? Pa nyanja ndi pa mtsinje pali miyala ndi mitengo imene mphipi ndi akakowa amaswanirapo. Kodi timaisiya pa nyengo yake? Nsomba zikamaswana, khoka limapuma? Kodi chitetezanetsi cha udzudzu chili pa mphasa, kapena chili m'madzi kukokolola tiana ta nsomba?

Anthu a ku Cousin anateteza mahekitala 30 okha. Anasiya mitengo kuti imere, anasiya mazira kuti aswe, ndipo anatseka khomo kuti khoswe asalowe. Mudzi uliwonse uli ndi malo aang'ono otere: dambo, thanthwe, kachilumba ka pa mtsinje, msitu wa kumanda. Tikhale pansi ndi amfumu, tiwatchule maina, ndipo tigwirizane miyezi imene tiziwasiya.

MAWU OTI TIWADZIWE

Chilumba: mtunda wozunguliridwa ndi madzi. Ena amati chisumbu.
Gombe: pamene madzi akumana ndi mtunda.
Hekitala: malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi.
Malo otetezedwa: malo amene lamulo limaletsa kusaka, kudula mitengo kapena kusodza.
Korali: miyala ya m'nyanja ya mchere yomangidwa ndi tizamoyo tating'ono.

TIYANKHE

1. Chilumba cha Cousin chili m'dziko liti?
2. N'chifukwa chiyani mbalame za m'nyanja zimaswanira pa zilumba?
3. Golan imaikira pati dzira lake? Nanga fouke?
4. N'chifukwa chiyani boti la alendo siligunda pa gombe la Cousin?
5. Makoswe a pamtunda amachepetsa bwanji nsomba za m'madzi?

TIWERENGERE

1. Chilumba chinagulidwa mu 1968. Timerl dezil tinasamutsidwa koyamba mu 1988. Panapita zaka zingati?
2. Makoswe analowa pa Frégate mu 1995, anatha mu 2000. Anakhalapo zaka zingati?
3. Nkhuku 5 zakhalira mazira 10 iliyonse. Payanke 5 zakhalira dzira limodzi iliyonse. Mazira a nkhuku ndi angati? A payanke ndi angati?

TIKAMBIRANE

1. Ndi mbalame ziti zimene zinalipo m'dera lathu tili ana, koma lero sitiziona? Zinapita kuti?
2. Banja lilibe ndiwo, ndipo mwana wapeza chisa cha nkhanga. Achite chiyani?
3. Makolo athu anali ndi malamulo otani pa kusaka ndi kusodza? Ndi ati amene tingawadzutse?

TILEMBE

Aliyense alembe m'kope lake maina a mbalame 5 za m'dera lathu. Pambali pa dzina lililonse alembe malo amene mbalameyo imaikira mazira, ndi mwezi umene imaswana. Amene sakudziwa afunse akuluakulu a m'mudzi. Pa phunziro lotsatira tidzawerengerana zimene talemba.